Amayi Kumanzere, Abambo Kumanja

Tadala ndi Pempho, ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ndinasiyira ntchito kwa a Dennis manja anga akadali olimba, ndiponso chifukwa chimene kompyuta yakale ya pabalaza ija inatsala ndi sipika imodzi. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi, ndipo pakamwa limandikanika. Ndiye ndalemba. Za ubwana wanga ndazidumpha, munazimva kale mpaka kutopa nazo.

Limbe, 1978 mpaka 2003

Ntchito yanga yoyamba inali yokonza mawailesi pa kashopu ka a Mussa, kuseri kwa msika wa Limbe. A Mussa anali munthu wa mtima wapachala, koma khutu lawo silinkaphonya. Tsiku loyamba anandilanda sikuludiraiva m'manja, n'kuyatsa wailesi ya munthu wina imene inkalira ngati ili ndi chimfine. "Tsinzina," anatero. "Wailesi ikadwala imanena yokha pamene pakupweteka. Iwe ntchito yako ndi kutseka pakamwa." Ndinatsinzina zaka zambiri pa benchi imeneyo. Zipangizo zinali zosowa kwambiri, moti wailesi yakufa sitinkaitaya. Tinkaiphwasula yonse n'kusunga kachidutswa kalikonse m'zitini za mkaka, chifukwa mawa kadzadzutsa inzake. A Mussa anali ndi lamulo linanso limene ankalinena akukugogoda pamutu ndi chala: usanatsegule m'mimba mwa wailesi, yamba wayesa zinthu zopusa, batire, waya, pulagi. Pamene ankamwalira shopu anandisiyira, ndipo malamulo awo ndinawatenga onse, pamodzi ndi kamtima kapachala kaja.

Amayi anu ndinawapeza ndi khutu lomwelo. Kutchalitchi kwathu ku Bangwe amayi ankakhala kumanzere, abambo kumanja, pakati pali kanjira, ndipo kwaya inkaimanso chimodzimodzi. Ine ndinkaimba besi, poti ukaipa dziwa nyimbo. Lamulungu lina ndinamva aluto yachilendo kumanzere kwanga, mawu okhuthala pang'ono, okhala ngati ali ndi kamchenga akamatsika pansi. Ndinakhala ndikuwamva masabata angapo ndisanalimbe mtima kutembenuza khosi. Anali namwino wongomaliza kumene maphunziro, dzina lawo Esnart, koma ine kuyambira tsiku loyamba ndinkawaitana kuti aNabanda. Tinakwatirana, Tadala anabadwa, koma m'tchalitchi kanjira kaja kanakhalabe pakati pathu, ndipo ine ndinkaona kuti ndi mmene ziyenera kukhalira.

Rotherham, 2003 mpaka 2009

Amayi anu ndi amene anapeza ntchito kuno, pachipatala cha boma. Ine ndinangotsatira ndi Tadala ndi masutikesi. Walira mvula walira matope: ndinafika m'dziko limene wailesi ikafa amaiponya m'bini n'kukagula ina. Luso langa linalibe wolifuna. Ndinalowa ntchito m'nyumba yosungiramo katundu kunja kwa tauni, ndipo malo anga anali pafupi ndi chimakina chophwanya makatoni chimene chinkabangula kumanzere kwanga tsiku lonse. Ankatipatsa totsekera m'makutu, koma phokoso lake linkalowera m'mafupa. Ndikakwera basi madzulo khutu linkangoti ngwiii mpaka pakhomo. Sindinadandaule kwa munthu. Pempho anali atabadwa, ndipo kumudzi kunali maso ambiri otiyang'ana. Koma zaka zimenezo ndinali munthu wowawidwa mtima, ndipo amayi anu anapirira nkhope yanga yokwinyika imene inu ana munkaithawa.

Lamulungu loyamba m'tchalitchi cha azungu tinaona mwamuna ndi mkazi wake atakhala benchi imodzi, ena mpaka kugwirana manja. Amayi anu anandikodola ndi chigongono. Ine manyazi anandigwira, ndinawoloka kanjira n'kukakhala kumanja ndekha ngati mwana wolangidwa. Pambuyo pake tinayamba mapemphero athu a masana ndi anzathu a ku Malawi ndi a ku Zambia, ambiri a iwo ogwira ntchito yosamalira okalamba. Kumeneko abambo anzanga anazolowera msanga kukhala ndi akazi awo. Ine ayi. "APhiri," ankatero amayi anu tikudikira basi, "kodi ndili ndi nsabwe?" Ndinkayankha kuti aluto imakoma ikamachokera patali pang'ono. Sindinkanama, koma chifukwa chenicheni n'chakuti ndinaleredwa choncho, basi.

Kwa a Dennis, kuyambira 2009

Loweruka lina ndinapita ku msika wa zakale uja anthu amagulitsira katundu m'mabuti a galimoto. Ndinamva kanyimbo kachilendo, kokhala ngati malimba a pulasitiki. Kankachokera pa tebulo la mzungu wina wachikulire, wamtali, wa zala zikuluzikulu, amene anayala kompyuta ya m'ma 1980, ija yooneka ngati kiyibodi yonenepa imene amailumikiza pa TV. Ndinaima n'kutsinzina mwachizolowezi, kenako ndinawauza kuti liwu limodzi likutsamwa. Anawerama n'kundipatsa khutu, ndinabwereza mokweza. "Ukulimva eti?" anatero. "Ine sindikulimva. Makutu anga ndinawasiya ku fakitale ya zitsulo ku Sheffield." Amenewo anali a Dennis. Anali ndi kashopu pamwamba pa malo ometera, kokonza makompyuta akale okhaokha. "Manja ndili nawo, makasitomala ndili nawo, makutu ndilibe. Ubwera Lolemba?" Anandifunsa dzina, ndipo kuyambira pomwepo ankangonditchula kuti Wyson, lopanda chovala chilichonse, monga ankanditchulira mayi anga okha. Zinanditengera nthawi kuti ndileke kukhumudwa nazo.

Ndikufotokozereni ntchitoyo, chifukwa ndikudziwa kuti munkangoona bambo anu atavala mahedifoni ngati woulutsa mawu. M'kati mwa makompyuta amenewo muli kachipi kamodzi kakuda, kotalika ngati chala, ka miyendo yambiri ngati bongololo, kamene ntchito yake ndi kuimba. Kali ndi mawu atatu okha, ndi sefa imene imafewetsa kapena kunola mawuwo. Fakitale inaleka kutipanga kalekale, ndipo ngakhale pamene inkatipanga sefa zake sizinkatuluka zofanana. Kena kamaimba mowala, kena mogonthera, monga ana a mimba imodzi. Makinawo anabadwa ndi kachipi kamodzi, mawu onse kutulukira waya mmodzi. Koma makasitomala athu, azibambo a imvi amene ankasewera nawo ali ana, ankafuna sitiriyo. Tinkaika kachipi kachiwiri pa kabolodi kapadera, kuti kena kaziimbira sipika ya kumanzere, kena ya kumanja. Ukaphatikiza tiwiri tosagwirizana, nyimbo imapendekera mbali imodzi ngati thumba lomangidwa molakwika pa njinga. Ntchito yanga inali kuvala mahedifoni, kutsinzina, kumvera kena kumanzere kena kumanja, kusintha, kumveranso, mpaka nditapeza tiwiri tokwatirana. Ndinawauza a Dennis kuti kwathu woyendetsa zaukwati timamutcha nkhoswe. Dzinalo analikonda kwambiri, ndipo kasitomala akafika ankamuuza monyada kuti adikire kaye nkhoswe imalize kumva mbali zonse.

Kusowa kwa tichipi kunandibwezera kwa a Mussa. Tinkakwera sitima mpaka ku Bolton, nthawi zina basi mpaka ku Middlesbrough, kukagula makina akufa amene akazi amasiye anawapeza kudenga amuna awo atamwalira. Ambiri tinkawapeza kachipi katapsa kale. Ena ankatitumizira tabodza tochokera kunja, topakidwa inki yatsopano pamwamba, m'kati muli zii. Kabwino tikakapeza tinkakagwira ngati dzira, titamanga lamba wa waya pamkono, chifukwa kamagetsi ka m'juzi kokha kamatha kukapha. A Dennis anali bwana wofatsa, wokonda tiyi ndi kutukwana sitima zochedwa, ndipo tinkakangana pa chinthu chimodzi chokha. Kasitomala akabwera kuti timuphatikizire mawaya awiri aja akhale mmodzi, poti kunyumba kwake ali ndi sipika imodzi, ine ndinkakana kwamtuwagalu. "Ndavutika sabata yonse kupatsa aliyense mbali yake, iye akufuna ndiwaunjike ngati matumba a chimanga?" A Dennis ankaseka mpaka kutsokomola. "Wyson, iwe si mmisiri, ndiwe mbusa." Ntchito yotero ankaigwira okha, ine nditatembenukira kukhoma.

Nyimbo ya amayi anu, 2014

Chaka chimenecho a Dennis anandipatsa makina amodzi kuti akhale anga, n'kundilola kusankha tichipi tiwiri timene ndinatikonda. Amayi anu anali ndi nyimbo yawo yopeka okha, imene ankaing'ung'udza posita yunifolomu, ndipo anandiuza kuti ankaimbiranso odwala powasambitsa. Ndinawapempha kuti aziimba pang'onopang'ono, ine ndikulowetsa m'makinamo noti imodziimodzi. Inatitengera nyengo yonse yozizira, chifukwa iwo ankafika atatopa, ndipo ine ndinkawabwezabweza mpaka kundilalatira. Sopulano ndi aluto ndinaziika kumanzere, tenala ndi besi kumanja. Kenako ndinakhala ndikupotoza sefa ya kumanzere mpaka inatulutsa kamchenga kaja ka m'mawu awo. Makinawo satchula mawu, amangoimba chuni, koma aliyense wodziwa amayi anu akanawazindikira.

Tsiku limene ndinamaliza ndinawaveka mahedifoni. Anamvetsera atatsamira chitseko cha kukhitchini. "Ndiye ndine ameneyu? Ndi chimfine chonsechi?" Anaseka mpaka misozi, n'kundiuza kuti ndibwerezenso. Itatha kachiwiri anavula mahedifoniwo, n'kundiyang'ana mwa njira yawo ija. "APhiri, ngakhale m'makina mwandikhazika kumanzere. Mudzandilola liti kukhala nanu benchi imodzi?" Ndinayankha moseka kuti kumwamba. "Aaa, inu?" anatero. "Kumenekonso mukangofika mukafunsa angelo kumene kuli mbali ya abambo." Tinaseka tonse, n'kupita kukadya. Sindinaganize kuti funsolo linali ndi kulemera kulikonse.

2021 ndi 2022

Za matenda a amayi anu sindilemba zambiri, munalipo. Mliri wonse uja anaugwira ntchito osagwa, ndipo pamene tinkati tapulumuka ndi pamene chotupa chinapezeka. Ndinawapempha a Dennis kuti ndiyambe ndaima ntchito ndiziwadwazika, ndipo iwo anati pa benchi yanga sipadzakhala munthu wina. Amayi anu anamwalira m'chipatala chomwe ankagwiramo ntchito, atazunguliridwa ndi anamwino anzawo. Pa maliro anthu athu anabwera mwaunyinji m'kanyumba kathu kopanikizana kaja, ndipo popanda wowauza anadzigawa monga kwathu: amayi pabalaza akuimba, abambo kukhitchini ndi kuseri. Ine ndinali kukhitchini. Ndinkamva nyimbo kudzera pakhoma, ndipo khutu langa linkangofunafuna aluto imene kunalibe.

Kushopu sindinabwerere msanga. Kompyuta ija ndinaifunditsa chitenje cha amayi anu, ndipo inakhala choncho miyezi yambiri. Tadala anali atabwerera kwa mwamuna wake ku Bolton, Pempho atapita kuyunivesite, m'nyumba munalibe wondilankhula, ndiye sindinazindikire kuti chinachake chikusintha. Lamulungu lina masana, nditabwera ku mapemphero, mtima unandiuza kuti ndikufuna kuwamva. Ndinachotsa chitenje, kuvala mahedifoni, kuyatsa. Tenala inabwera, besi inabwera. Kumanzere kunali kamphepo chabe, ngati wailesi ya m'nyumba ya eni. Mantha amene anandigwira sindinawamvepo ngakhale kuchipatala. Ndinaganiza kuti kachipi ka amayi anu kafa, ndipo ndinkadziwa kuposa munthu aliyense kuti kena kofanana nako kulibe pa dziko lonse. Ndinathamangira sikuludiraiva. Nditamasula sikulu yoyamba ndinakumbukira chala cha a Mussa pamutu panga: yamba wayesa zinthu zopusa. Ndinavula mahedifoni, kuwatembenuza, n'kuwavalanso. Aluto inalowa m'khutu la kumanja yonse yathunthu, ndi kamchenga kake. Besi yanga ndi imene inasowa. Kachipi kanali kamoyo. Limene linafa linali khutu langa la kumanzere, lomwe lija linawapeza ku Bangwe. Ndinakhala pansi pa kapeti n'kulira monga sindinalirire pa maliro.

Dokotala anati mtsempha wa m'kati unatha, ndipo sakanatha kunena ngati ndi phokoso la zaka zija kapena ukalamba. Anandipatsa kothandizira kumva. Kameneko kamandithandiza kudziwa kuti basi ikubwera, koma nyimbo kamaisandutsa chitini. Masana ambiri ndinkakhala pabalaza ndikutembenuza mahedifoni: uku amayi anu okha, uku ine ndekha. Tadala, iwe unandipeza ndikuchita zimenezi, ndipo unati, "Adadi, bwanji osangoika ma speaker onse awiri mbali imene mukumva? It's not hard." Unkanena zoona, ndipo ndinayesa, zinatheka. Koma ndikatsinzina ndinkadziwabe kuti ndi mabokosi awiri, waya uyu wa amayi, waya uyu wa abambo, ndipo funso lija la pachitseko cha kukhitchini linayamba kundisowetsa mtendere.

Tsiku lomaliza kushopu, 2023

Ndinabwerera kwa a Dennis n'kuwauza zonse. Anazunguliza supuni m'kapu. "Manja ukadali nawo," anatero. "Khala uziwotcherera. Zokwatitsazo tiziyeza ndi laputopu. Ine ndagwira zaka zonsezi wopanda makutu." Ndinawayankha kuti ankagwira chifukwa anali ndi anga. Ndinayesa ndithu masabata angapo, kumvera kachipi kena ndi khutu limodzi, kukasunga m'mutu, n'kumvera kanzake. Koma nkhoswe yomva mbali imodzi lero, ina mawa, imangopasula mabanja. Anthu ankatumiza makina awo kuchokera kutali chifukwa anamva kuti ku Rotherham kuli munthu wa khutu, ndipo munthu ameneyo kunalibenso. Kuchoka kunandipweteka, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikuwasiya a Dennis okha pa ukalamba wawo, ndipo iwo ndi amene anandibwezera ulemu wanga m'dziko lino. Koma madzi akatayika saoleka. Ndinawauza kuti mwezi ukatha ndipuma.

Tsiku lomaliza ndinabwera ndi kompyuta yanga m'chikwama, nditaikulunga m'chitenje chija. Ndinaiika pa benchi n'kuwapempha a Dennis marezisita awiri, tizipangizo ting'onoting'ono tochepetsa mphamvu ya magetsi. Iwo ankadziwa bwino ntchito ya marezisita awiri, poti ndi imene ankaigwira ine nditatembenukira kukhoma. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe, Wyson? Mbusa?" Ndinati inde. Sanaseke. Anamanga lamba pamkono pawo, n'kundigwirira bolodi ndi zala zawo zikuluzikulu zija. Ndinadula waya wa kumanzere, ndinadula wa kumanja, aliyense ndinam'patsa rezisita yake kuti asalimbane, kenako ndinawapota pamodzi n'kuwawotcherera pa mfundo imodzi. Ntchito yake ndi ya mphindi zochepa, mwana wa sukulu akhoza kuigwira. Tinalumikiza kasipika ka pabenchi. A Dennis ankangoyang'ana nkhope yanga, chifukwa iwo sakanamva. "Zikutheka?" anafunsa. Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anandisisita paphewa, n'kupita kukaimirira pawindo ngati akuona magalimoto.

Nditafika kunyumba ndinatenga sipika imodzi n'kuiika pa sofa, kudzanja langa lamanja. Ndinayatsa. Mawu onse anayi anatulukira malo amodzi. Ndipo ndinamva chinthu chimene sindinachimvepo zaka zonse zimene ndinkanyadira sitiriyo yanga: chakumapeto kwa nyimboyo aluto imatsika, besi imakwera, ndipo zimakumana pa noti imodzi n'kukhalapo kanthawi. Ndine ndinalowetsa manoti amenewo ndi zala zanga, koma pokhala kuti ina inali uku ina uko, sindinadziwe kuti amayi anu anaipeka choncho. Pa noti imeneyo sungathe kusiyanitsa kuti uyu ndani, uyu ndani. Ndinasendera kumapeto kwa sofa kuti pakhale malo, ndipo ndinalankhula mokweza m'nyumba yopanda munthu: "Khalani apa, aNabanda." Ndinachedwa nalo yankho limenelo, ndipo chisoni chake ndidzapita nacho kumanda.

Ku mapemphero masiku ano ndimakhala kumanzere, pa benchi imene ankakhala iwo, pakati pa amayi a ku Zambia amene amandiseka kuti ndasochera. Sipika inayo ndinaisiya kwa a Dennis. Pempho, ndikudziwa kuti iwe ndi amene udzatenge kompyutayi, ndipo ndi manja ako ofulumirawo udzaitsegula n'kupeza mawaya awiri atawotchereredwa pamodzi. Usadzawalekanitse, mwana wanga. Siinawonongeke.